Mlombwa wa m'munda mwa amayi

Achimwene anga pobwera ku Joni sanatenge wailesi kapena njinga ngati anzawo. Anatsika basi pa Sharpevale ndi mtolo wa matabwa a pulasitiki. Kumeneko ankagwira ntchito yoyala matabwa pansi m'maboti a matanga a anthu olemera, ndipo awa anali otsala pa ntchito. Ukawaonera patali unkati ndi mtengo weniweni. Ine, kalipentala wodziwika dera lonselo, ndinanunkhiza limodzi n'kuliponya apo. Linkanunkha ngati beseni latsopano.

Chaka chimenecho matabwa a pansi pa ngolo ya amayi anali ataola, mpunga ku Bwanje uli pafupi kucha. Achimwene anati tiyalepo pulasitiki wawoyo. Anafotokoza kuti ngakhale eni maboti ena ayamba kuusiya mtengo wawo wa tiki, wofananako ndi mlombwa wathu, chifukwa umafuna kuukwecha ndi kuusamala kosalekeza, pamene pulasitiki umangomuthira madzi basi. Vuto lake, anatero, amatentha padzuwa. Ine ndinangogwira mawu omalizawo. Kutentha kwa ku Bwanje kuja, munthu aponde pulasitiki? Koma kunena zoona, chimene chinandiwawa n'chakuti munthu amene anachoka pamudzi osadziwa n'kugwira komwe landa yopalira thabwa abwere kudzandiphunzitsa za matabwa.

M'munda mwa amayi munali mlombwa umodzi umene malemu bambo anausiya poswa mphanje. Amayi ankapumira pamenepo akatopa ndi khasu, chigubu cha thobwa atachitsamiritsa ku tsinde. Ndinawauza kuti ngolo ya mlombwa idzafika mpaka kwa adzukulu. Ndinawapempha kuti tiudule.

"Kalipentala ndinu, bambo," anatero amayi. "Ngati mwaona kuti n'koyenera, dulani."

Mtengo tisanaudule timayamba taugogoda ndi kumbuyo kwa nkhwangwa, kuti timve ngati uli ndi mphako. Ndinagogoda. Unalira ngati ng'oma. Ndinamva bwinobwino, makutu anga alibe vuto, koma achimwene anali ataima pomwepo manja ali m'thumba, akundiyang'ana. Ndinauza ocheka matabwa kuti mtengo uli bwino, ayambe.

Utagwa, m'kati monse munali dothi la chiswe. Tinacheka masiku awiri, utomoni wofiira uli m'manja ndi m'malaya, n'kupezamo timatabwa titatu tatifupi. Zina zonse zinapita ku nkhuni. Achimwene sanandiseke, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri. Akanandiseka ndikanapeza poyambira mkangano. Anangomasula mtolo wawo uja, n'kundipempha mwaulemu kuti ndiwabwereke sowo.

Pulasitikiyo alipobe mpaka lero. Saola, chiswe sichimuyang'ana n'komwe. Masana amawotchadi mapazi, moti timayalapo masaka, ndipo ndikamayala ndimadandaula mokweza kuti aliyense amve.

Timatabwa titatu tija ndinapangira amayi kampando. Ndinakapala bwino, ndinakapaka vanishi kawiri, kanatuluka kokongola kuposa chilichonse chimene ndinapangapo. Ndinakawapeza nako kumunda atakhala pa chitsa chija, chitenje atafunda kumutu chifukwa cha dzuwa. Anakalandira ndi manja awiri, anakasisita, kenaka anayang'ana munda wonse kuchokera kumtunda mpaka kumunsi.

"Zikomo, bambo, n'kabwino," anatero. "Nanga ndizikaika pamthunzi uti?"