Chombo cha Achemwali pa Chipata

Ndinadzuka kusanache, msana utauma chifukwa chogona pa saka ya fetereza. Juni wa ku Tengwe salola munthu kugona panja, koma amuna pamaliro amagona panja basi. Moto wathu unali utatsala makala okhaokha. Madala ena anali atadzipinda m'mabulangete, ena akusuta fodya wopichira mu nyuzipepala. M'nyumba amayi a mpingo anali akuimbabe, mawu atasasa, nyimbo ikukokedwa ngati ngolo yopanda mpweya m'matayala.

Achemwali anga Esinati anamwalira Lachinayi kuchipatala ku Karoi. Chinali chifuwa. Bokosi linafika Lachisanu madzulo pa lole ya papurazi, famu ya fodya imene timakhalapo. Anagonekedwa kuchipatalako masiku asanu ndi anayi, ndipo ine sindinapiteko ngakhale kamodzi. Mwayi unalipo, lole imapita ku Karoi kawiri pa sabata. Ndinali nditakwiya. Ndikulemba zimenezi koyambirira kuti wina asayambe kundimvera chisoni.

M'thumba la jekete ndinali ndi foni yawo. Achemwali ankagwira ntchito mu shedi yosankhira fodya. Akaweruka ankapita pa chulu cha kuseri kwa mabani oumitsiramo fodya, pokhapo pamene netiweki imagwira bwino pa purazi yonse, kukasewera gemu ya pa intaneti. Mu gemuyo aliyense ali ndi chombo chake cha m'mlengalenga, ndipo anthu a m'maiko osiyanasiyana amauluka nthawi imodzi pakati pa nyenyezi. Eni ake a gemu anali atalengeza kuti Loweruka, teni koloko m'mawa, atsegula chigawo chatsopano chimene munthu anali asanalowemo. Lamulo lake linali lakuti woyamba kutera pa dziko lililonse m'menemo ndi amene alipatse dzina, ndipo dzinalo likhalabe pa mapu a aliyense. Achemwali anatha miyezi itatu akukonza chombo chawo, kenako anakachiimika pa chipata cha chigawocho kuti adzakhale patsogolo.

Ife tilibe kumudzi. Agogo athu anachoka ku Dedza ali mnyamata kubwera kuno kwa Ashona ndipo sanabwererenso. Kusukulu anzathu ankapita kumusha, kumidzi kwawo, pa holide, ife tinkatsala pa komboni. Achemwali ankati akadzatera pa dziko lawo adzalemba kuti Kwathu. Ine ndinawaseka. Ndinati munthu wamkulu ngati inu mukufuna munda wa mu foni, mudzalimamo chiyani.

"Iwe ungadziwe chiyani," anatero. "Sukulu unasiya, gemu unasiya, ngakhale pakudya sadza umaisiya pakati."

Zonsezo zinali zoona, ndiye chifukwa chake ndinasiya kuwalankhula. Patapita sabata imodzi anagwa mu shedi. Amayi anga pochokera kuchipatala komaliza anandiuza kuti mlongo wako akuti uchaje foni, Loweruka lisakupite. Iwo ankaganiza kuti ndi malungo akulankhula. Ine ndinamva. Ndipo Loweruka lake linali lomwelo la maliro.

Dzuwa litangotuluka adzukulu ananyamula mapiki ndi mafosholo kupita kumanda, kumapeto kwa purazi. Ine sanandilole chifukwa ndine wa m'nyumba. Kuseri kwa nyumba yathu amayi a pa komboni anasonkha moto pa malo anayi, nkutereka migolo yodulidwa pakati. Ena ankadula kabichi pa chitseko chakale, ena ankatunga madzi ku mjigo. Foromani anapereka mbuzi, ndipo anaonetsetsa kuti aliyense wadziwa kuti yachokera kwa iye. Mphepo inali kuwomba kuchokera kuminda yosalima, yozizira, yodzaza fumbi, utsi ukulowa m'maso mwa ophika.

Anthu anayamba kufika cha m'ma eyiti. Thirakitala ya purazi yoyandikana nayo inabwera ikukoka ngolo yodzaza amayi ofunda zitenje kumutu. Mabanja a ku Tete a kutsidya la damu anabwera wapansi, pamzere, akuimba m'Chinyanja chawo chakale. Anzawo a achemwali a mu shedi anakhala paokha pansi pa mtengo, manja awo akadali achikasu ndi fodya. Panalinso anthu amene sanawalankhulepo achemwali chiyambire, atakhala kufupi ndi migolo. Aliyense wondigwira dzanja ankanena mawu omwewo, ena m'Chishona ena m'Chichewa, ine nkumangogwedeza mutu. Mtima wanga unali pa nthawi.

Cha m'ma naini malume, amene ankayendetsa mwambo, anaima pakhomo nkunena kuti tidikira azakhali a ku Wedza. Anati kombi, minibasi imene anakwera, ikadali kutali, kuona nkhope kukhala cha m'ma thwelofu. Ndinawerengera m'mutu. Kupita ku chulu ndi mphindi khumi. Kutera pa dziko limodzi, kulemba mawu amodzi, kubwerera. Ndinaona kuti ndikwanitsa zonse ziwiri. Sindinauze munthu. Ndikanati chiyani, kuti ndikupita kukasewera mlongo wanga ali m'bokosi?

Pa chulu panali malo osalala pamene achemwali ankakhala, udzu utafa. Ndinakhala pomwepo. Foni inati ndiyambe ndakopera zinthu zatsopano za gemuyo, ndipo kamzere kake kanayenda ngati bilimankhwe. Ndinaimirira, ndinakweza dzanja m'mwamba, ndinatukwana. Teni inakwana kamzere kali pakati. Pamene kanatha nthawi inali itapitirira ndi theka la ola.

Chombo ndinachipeza pomwe anachisiya, chopakidwa chobiriwira, chilichonse chili m'malo. Pambali pake panali zombo ziwiri za anzawo a mu gemu, anthu amene sindikudziwa ngakhale dziko lawo. Anali asanalowe, ankawadikira. Analemba m'Chingerezi kuti mwachedwa bwanji, tiyeni. Ndinangolowa pa chipata, iwo nkunditsatira.

Zinandinyansa kuti m'katimo munali mokongola. Munali madzuwa awiri, lina lofiira lina loyera, ndi fumbi lowala lotambalala ngati mtsinje, maiko ali mbwee mbali zonse. Koma ine sindidziwa kuyendetsa. Gemuyo ndinaisiya nditasewera milungu iwiri yokha. Ndinagunda miyala, ndinazungulira malo amodzi, anzawo aja akulemba mafunso amene sindinawerenge. Dziko loyamba limene ndinafikapo linali kale ndi dzina, zilembo ndi manambala opanda tanthauzo. Lachiwiri wina anali atalemba mawu otukwana. Lachitatu, lachinayi, chimodzimodzi. Anthu ongoseweretsa anali atatenga zonse za pafupi.

Ndili pomwepo ndinamva kulira kukukwera ku komboni. Aliyense wokulira pa komboni amakudziwa kulira kumeneko. Sikwa usiku, sikolandira alendo. Ndi kulira kwa pamene chivundikiro chatsegulidwa ndipo anthu ayamba kudutsa pamzere. Ndinamva pambuyo pake kuti kombi ya ku Wedza inafika msanga podzera msewu wa kudamu, ndipo abusa anati tisachedwe ndi mphepoyi.

Pa mapu panatsala kadontho kamodzi kopanda dzina, kumapeto kwenikweni. Foni inati ndi ulendo wa mphindi zinayi. Ndikanathamanga nthawi yomweyo ndikanapeza mzere usanathe. Ndinadziwa zimenezo bwinobwino. Sindinathamange. Ndinakhala pa chulu, chala pa foni, ndikumva amayi akulira mlongo wanga. Kadzikoko kanakula pang'onopang'ono, kotuwa, ka maenjemaenje, kosakongola nkomwe, ndipo ndinati kameneka kakwana. Nditatsala pang'ono kutera, pamwamba pake panatuluka dzina. Wina anali atatera mbali inayo.

Nyimbo ya ku komboni inasintha, inakhala yoyendera.

Ndinawapeza atadutsa kale mabani. Kutsogolo kunali mtanda ndi amayi ovala zoyera, kenako bokosi pa mapewa a amuna, kenako khamu lonse likutsokomola ndi fumbi. Chivundikiro chinali chitakhomedwa. Malume anandiona ndikupuma wefuwefu, nandiyang'ana kuyambira ku mapazi mpaka ku thumba la jekete.

"Tinakufuna," anatero.

Analoza bokosi.

"Gwira apa."

Munthu wina anandipatsa ngodya ya kumutu. Bokosi linali lopepuka kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo zimenezo zinandiuza mmene masiku asanu ndi anayi aja anawadyera. Ndinanyamula mpaka kumanda osalola wina kundilandira. Ena mwina anati ndi chikondi. Kunali kusowa kwa chochita china.

Manda a pa purazi ali pa nthaka yofiira, pansi pa mitengo ya msasa. Agogo ali pomwepo, abambo ali pomwepo, pa malo a mwini purazi amene angawalime tsiku lililonse atafuna. Foromani analankhula nthawi yaitali za mmene achemwali ankadziwira kusiyanitsa masamba a fodya, ngati kuti ndicho anabadwira. Mnzawo wina wa mu shedi anayamba kulankhula, nalephera, nakhala pansi. Iyeyo ndinamumva kuposa onse. Abusa anawerenga mwachangu, tsamba la buku likuuluka ndi mphepo. Anandipatsa fosholo ya dothi, ndinatapa ndi dzanja, ndinaponya. Phokoso lake pa thabwa linali laling'ono. Adzukulu anakwirira, amayi anaika maluwa a pepala, ndipo mphepo inayamba kuwatenga tisanachoke.

Kunyumba tinasamba m'manja pa beseni la pakhomo. Anthu anadya, ena kawiri. Thirakitala inaliza injini, a ku Tete anatsanzika mmodzimmodzi, a mu shedi anatsuka migolo nkupita. Pofika madzulo pabwalo panatsala phulusa pa malo anayi ndi mipando yathu imene inatulutsidwa kuti bokosi lilowe. Malume sanandifunse kanthu. Ndikanakonda akanandimenya.

Dzuwa litalowa ndinalowa m'nyumba. Munalibe katundu, munali mphasa zokha ndi fungo la anthu ambiri. Azakhali anali atagona chafufumimba pakona, atatopa ndi ulendo. Amayi anakhala chotsamira khoma, miyendo itatambasuka. Anandiitana ndi dzanja kuti ndikhale pafupi.

"Ine sindinamuone," anatero. "Itafika nthawi yanga maso anachita mdima. Anangondidutsitsa atandigwira. Iwe unamuona. Anali bwanji?"

Ndinazindikira kuti sakudziwa, ndi kuti palibe amene anawauza. Ndikanatha kunena zoona pamenepo.

"Anali bwino, amayi. Ngati akugona."

"Pakamwa anamutseka bwino?"

"Anatseka."

"Nanga duku?"

Ndinaganiza za limene ankalikonda, limene ankavala Lamlungu.

"Linakhala bwino. La buluu lija."

Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mokwiya. Kenako anatembenuzira nkhope ku chitseko cha chipinda cha achemwali, chimene chinali chotsegula.

"La buluu lili pa msomali apo," anatero.

Sanafunsenso china. Anakoka chitenje nadzifunda, nagona choyang'ana kukhoma. Ndinakhala pamenepo mpaka mdima unadzaza m'nyumba. Palibe anayatsa nyali. Panja mphepo inali italeka, ndipo ndinkamva kupuma kwa amayi, kosafanana ndi kwa munthu wogona.