Asipirini amene Achikolopa anakana

Mayi amene tawaika m'manda sabata yathayi ambiri tinkangowatchula kuti Achikolopa. Anakula ali amasiye kwa azakhali awo, ndipo kuyambira ali mtsikana ankasesa m'tchalitchi popanda wowatuma. Atakwatiwa ndi telala, anapeza ntchito yokolopa m'chipatala, m'wodi ya anthu akufa ziwalo. Ana sanakhale nawo. Ankangoti, "Mulungu anandipatsa odwala."

Sukulu sanapite nayo patali, koma khutu linali lakuthwa. Akukolopa kunsi kwa mabedi ankamva manesi akuuza wodwala kuti amwetulire, akweze manja onse awiri, atchule dzina lake. Anadziwa kuti sitiroko ili pawiri: ina magazi amaundana n'kutseka mtsempha, ina mtsempha umaphulika m'mutu. Yophulikayo imakonda kubwera ndi mutu waukulu mwadzidzidzi ndi kusanza, koma ngakhale nesi wamkulu sankalumbira mpaka ajambule m'mutu. Asanajambule, asipirini ayi.

Tsiku lina m'mawa amuna awo anagwa pamashini, pakamwa patapotoka, atagwira mutu, akusanza. Alamu awo, achemwali a bambowo, anathamanga ndi asipirini, akuti aneba awo anachira naye. Achikolopa anawagwira dzanja.

"Alamu, pepani. Ameneyu ayi."

"Mwasanduka dokotala liti, inu a mopu?"

Bambowo anamwalira kuchipatala tsiku lachitatu. Nesi wa m'wodimo anauza Achikolopa kuti mtsempha unaphulikadi, mapiritsiwo akanangowonjezera kutaya magazi. Kunja mbiri inali itawanda kale yoti mkazi anamana mwamuna mankhwala. Nesiyo anafuna kukafotokozera abale, koma Achikolopa anamuletsa.

"Alamu akadziwa kuti dzanja lawo likanafulumizitsa imfa ya mchimwene wawo, sadzagonanso tulo. Katunduyu ndisenza ine."

Anamusenza zaka khumi ndi chimodzi. Abale a mwamuna anasiya kuponda pakhomo. M'tchalitchi anthu ankasuntha pabenchi. Achikolopa ankafika oyamba, kupemphera, kubwerera kukadya okha pafupi ndi mashini ovindikiridwa ndi nsalu.

Mwezi watha nawonso sitiroko inawagwera, koma yotseka mtsempha. Mbali yakumanja inafa, mawu anatha. Nesi uja, amene tsopano anapuma ntchito, anakomana ndi alamuwo pageti la chipatala ndipo ulendo uno sanasunge chinsinsi.

Alamuwo analowa m'wodi akukoka miyendo, naima kumiyendo kwa bedi.

"Munakhaliranji chete, alamu?"

Ndi dzanja lamoyolo Achikolopa anasisita pamatiresi, kuti akhale. Anakhala. Masiku anayi anawasambitsa, kuwatembenuza, kuwaimbira nyimbo za m'buku. Masana a tsiku lachisanu Achikolopa anapita mwakachetechete, mutu uli pamiyendo ya alamu awo.

Ife amene tinkasuntha pabenchi tinayenda pambuyo pa bokosi, mitu ili pansi. Ambuye awalandire, ndipo ifeyo atikhululukire.