Nyumba Zakufa za Ba Saimoni

Ndikangomva fungo la madzi otentha a pa Chinyunyu, lija lokhala ngati la mazira owola, ndimaona Ba Saimoni atakhala pamwala, buluku atapinda mpaka m'maondo, miyendo ili m'madzi ofuka nthunzi, kamera yakuda ikulendewera pachifuwa. Anali oyandikana nafe, nkhalamba yayitali yopanda mkazi, yosakonda macheza. Unyamata wawo wonse anauthera pa njanji, akuphikira apaulendo m'sitima. Kwathu ku Rufunsa kulibe njanji, ndiye ife ana za sitima tinkangozimvera pakamwa pawo.

Chaka chilichonse anthu akatha kukolola, iwo ankakwera basi kupita ku Lusaka, n'kukakwera sitima, mwina ya ku Livingstone, mwina ya ku Kitwe. Sankapita kukaona munthu ayi. Ankangokhala pawindo, kamera ili m'manja, kudikira nyumba zakale za antchito a njanji zija zosiyidwa m'tchire. Pobwera ankabwera ndi zithunzi zotsukitsa kutauni, n'kuzikhoma ndi timisomali pakhoma la m'nyumba mwawo.

Ine ndinalowamo kamodzi kokha, masana dzuwa likuswa mtengo, amayi atandituma kukapempha mchere. Munkanunkha utsi wakale ndi fodya wopota, ndipo maso atazolowera kamdima ndinaona khoma lonse litadzaza: nyumba zopanda denga, mawindo opanda magalasi, siteshoni ina mkuyu utamera m'kati n'kutulukira pakhomo, pena masitepe okha atatsala m'udzu osalowera kulikonse. Munthu munalibe, ngakhale galu kapena nkhuku. Zina sizinkaoneka bwino chifukwa sitima inkayenda, moti ukayang'anitsitsa zinkakhala ngati nyumbayo ndi imene ikuthawa. Ndinafunsa kuti eni ake ali kuti. Anayamba kuloza ndi chala akutchula maina: umu munkakhala uje, ankamwa tiyi wopanda shuga, umu mkazi wa uje anaberekeramo mapasa. Kenako anati, "Munthu akafa timasonkhana. Nyumba ikafa aliyense amayang'ana kumbali. Ine ndimangoiyang'ana, basi." Mchere uja theka lake ndinalitayira panjira pothamanga.

M'mudzi nkhani inali ina. Anthu ankati Ba Saimoni sajambula nyumba chifukwa choti yafa, koma nyumba imafa chifukwa choti aijambula. Kunali kagolosale ka m'mbali mwa msewu kamene anakajambula mwini wake akugulitsabe. Pofika mvula yotsatira kanali katatsekedwa, mileme ikugonamo. Kuyambira pamenepo, akatulukira ndi kamera yawo, azimayi ankaima pakhomo atatambasula chitenge ngati akuchiyanika.

Chaka chimene atate anadwala chifuwa ndinali ndisanamalize pulayimale. Nyumba yathu anamanga okha atate, njerwa kuumba okha, kuotcha okha, n'kufolera ndi malata, yoyamba ya malata kumbali yathuyo. Tsopano ankangogona m'kati, chifuwa chikumveka mpaka kukhola la mbuzi. Tsiku lina m'mawa amayi akusinja, Ba Saimoni anabwera chipewa chili m'manja, n'kupempha mwaulemu kuti atijambule tonse pakhomo, atate tiwatulutse akhale pampando, ndipo sadzalipiritsa. Amayi anali munthu wa tchalitchi, wosaphonya Misa, koma tsiku limenelo anaima njii, musi uli m'manja.

"Ba Saimoni, muno muli wodwala. Mukufuna kutimaliza? Kamera yanuyo isayang'ane nyumba ino."

Atate m'katimo anayesa kuitana kuti asiyeni alowe, koma chifuwa chinawatsamwitsa. Nkhalamba ija inavala chipewa n'kubwerera. Ine ndinakondwa, sindinama. Ndinkaona ngati amayi atipulumutsa.

Kupulumuka kwake kuti? Atate anamwalira chimanga chisanache. Maliro atangotha, abale awo anabwera ndi ngolo, n'kusasula malata, kuzula zitseko, mpaka mafelemu a mawindo, ife tikuyang'ana. Amayi anatitenga kupita kwa akulu awo ku Lusaka, ndipo zipupa zija mvula inazidya. Choipa kwambiri n'chakuti atate sanajambulitsepo m'moyo wawo, kupatula kachithunzi ka pachitupa, komwenso kanapita ndi abale aja. Lero mukandifunsa nkhope yawo, ndimakumbuka chipumi chokha ndi mpata wa m'mano.

Patapita zaka, ine ndili kale pantchito, tinamva kuti Ba Saimoni amwalira. Mtsikana wina, mwana wa mlongo wawo, posesa m'nyumba, anasonkhanitsa zithunzi zonse kuti atenthe, koma chimodzi anachizindikira n'kutitumizira kudzera mwa kondakitala wa basi. Inali nyumba yathu. Anaijambula ataima kumsewu, chapatali, mwachionekere masana ena ife tili kumunda. Chitseko chotseka, pabwalo popanda munthu, malata akadali pamwamba akung'anima. Mtsikanayo anatumizanso mawu akuti anachipeza chitakhomedwa pakati penipeni pa nyumba za njanji zija. Poyamba ndinazizidwa, kenako ndinapsa mtima. Ndiye kuti nkhalamba ija inatiika pakati pa akufa ife tikupumabe? Amayi anakana poyera, iwo n'kukachita mozemba!

Ndinapita nacho kwa amayi ndikudziwa kuti achiponya pambaula. Anachilandira, n'kutuluka nacho pakhomo pomwe pali kuwala, n'kuchiyang'ana nthawi yayitali. Kenako analoza ndi chikhadabo m'munsi mwa chitseko, pomwe panali tinthu tiwiri takuda timene ine sindinatione. Zinali nsapato za atate, zija za matayala, zimene ankavula akamalowa.

"Ali m'kati umu," anatero. "Apa anali asanapite."

Sanachitenthe. Anachiika pafupi ndi pamene ankagona, ndipo dzina la Ba Saimoni sanalitchulenso, kaya moipa kaya mokoma. Amayi nawonso anatisiya, chithunzicho chili kwa ine tsopano. Mpaka lero sindidziwa ngati nkhalamba ija inatigwetsera nyumba kapena inatisungira atate, ndipo masiku ena ndimachiopa moti ndimachitembenuzira kukhoma. Koma ana anga akandifunsa kuti agogo awo aamuna ankaoneka bwanji, ndimawaonetsa chitseko chotseka chija, n'kuwauza kuti aziyankhula motsitsa.