Ndinasungunula Maluwa a Apongozi Anga

Ndinawalakwira amuna anga, ndipo chinandilakwitsa ndi mtima wanga wokayikira. Ndine mayi wa ku Mitundu. Iwo anabwera kuno ngati tenanti wa fodya, ndipo za kwawo sakambakamba.

Tsiku lina ndikufunafuna khadi la kusikelo m'sutikesi mwawo, ndinapeza mapepala akalekale okulungidwa m'pulasitiki. Pa lililonse panali duwa lojambulidwa pamanja ndi penti wopepuka, lokongola ngati lamoyo. Chinandiopsa n'chakuti duwa lililonse linali ndi mizu yake yomwe, ndipo m'munsi munali zolemba zopotanapotana, osati Chichewa, osatinso Chingerezi.

Inu owerenga, wofuna kukongoletsa nyumba amajambula mizu? Mizu amaifuna ndani ngati si sing'anga? Nthawiyo mwana wathu Chisomo ankadwaladwala, chikhalirecho fodya wa bambo ake ankaposa wa anzawo onse. Ndinati basi, munthuyu akukhwimira mwana wanga.

Sindinawafunse. Ndinatenga mapepalawo n'kukwera kabaza mpaka ku Nathenje kwa mneneri wina. Anangoyang'ana kamodzi, n'kupukusa mutu, n'kuwaza madzi opempherera. Penti yense anasungunuka, maluwa aja n'kusanduka matope. Iye anati ziwanda zikuthawa, ine wopusane n'kuvomera mokweza.

Nditabwerera ndinawaponyera mapepalawo pamiyendo n'kuwauza kuti zawo ndazidziwa. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi a Chisomo, bambo anga anakulakwirani chiyani?"

Ndi pamene ndinamva zonse. Apongozi anga, omwe anamwalira ine ndisanakwatiwe, ankasamalira maluwa kwa mayi wina wa ku Jeremani pa esiteti. Poti apongoziwo sankatha kuwerenga, mayiyo ankawaonetsa zithunzizo, zomwe agogo a mayiyo anajambula kwawo ku Jeremani, kuti adziwe zoyenera kusiya popalira. Pochoka, mayiyo anawasiyira mapepalawo. Malemuwo sanajambulitseko chithunzi chawo, moti mapepalawo ndiwo okha anatsala. Pambuyo pake Chisomo tinapita naye kuchipatala, anamupeza ndi vuto la kuchepa magazi, ndipo anachira.

Amuna anga sanandimenye, sanandithamangitse. Anangonena kuti za mapepala angaiwale, koma zoti ndinawaganizira kupha mwana wawo zikuwakanika. Ndimachita manyazi mpaka lero.

Amayi anzanga, mukapeza chachilendo m'nyumba, yambani mwafunsa mwini wake. Ine ndinakafunsa munthu wapanjira, ndipo tsopano Chisomo akatentha thupi, bambo ake amangoima pakhomo, kuopa kumukhudza ine ndikuona.