Sindinaitane aMvula m'dzenje

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, chaka chimene anyamata ambiri anapita kunkhondo. Pafamu ya fodya kuseri kwa Madzimoyo ankafuna ocheka matabwa a zigafa. Ine ndiye kulumpha, sowo sindinaigwirepo, koma pakamwa ndinali nditacheka kale nkhalango yonse.

Kucheka kwake n'kotere. Chipika cha mlombwa chimagonekedwa pamwamba pa dzenje, mumalemba mzere ndi chingwe chonyika m'makala, ndiye wina pamwamba, wina pansi, sowo imodzi. Wapansi utuchi wonse ngwake. Kapitao anandipatsa lamulo limodzi: "Usanasunthe chipika, itana wapansi. Asanayankhe kuti ndatuluka, manja kumbuyo."

Wapansi wanga anali aMvula, bambo wa ana anayi, Mkatolika wovala kolona m'khosi. Anandiphunzitsa kunola mano a sowo ndi tupa, namandiseka: "Mphwanga, ukanamakoka ngati mmene umalankhuliramu, bwenzi titamanga Boma lonse." Tinkadyera limodzi chinangwa. Koma mkulu wina wa mpingo wathu atamva, anandikalipira kuti Mkhristu weniweni sadya ndi Aroma. Ine n'kutenga zonsezo, Lolemba n'kukawauza aMvula kuti mikanda yawoyo ndi mafano. Masiku atatu tinacheka osalankhulana, ine wolongolola uja.

Lachinayi masana tinamaliza mbali imodzi, chipika chofunika kutembenuza. Kuti ndiitane? Ndinati ayi, ndikayamba ndine, aziti ndagonja. Ndinamva m'dzenje muli zii, ndiye ndinangoti atuluka. Ndinalowetsa mtengo pansi pa chipika n'kukankha. Mtanda umodzi wochirikiza chipika unaterereka, chipika n'kugwera pansi. AMvula anali akadali m'dzenje, akuchotsa utuchi m'maso.

Kuwatulutsa kunafuna amuna asanu ndi atatu, ndipo palibe anafunsa mnzake kumene amapemphera. Tinawanyamula pa machila kulowera kuchipatala, tikusinthana mapewa. Panjira anati tiwatsitse. Anandiitana: "Mphwanga, mpweya wandithera. Yamba ndiwe Atate wathu." Ndinayamba. Anzawo Achikatolika analowa, athu analowa, mawu kusiyana apa ndi apo, koma pemphero lomwelo. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti iwonso amalidziwa. Kuchipatala sitinafike nawo.

Bokosi lawo tinakhomera matabwa amene tinacheka masiku atatu osalankhulana aja. Ndinauza akazi awo zonse. Anangoti, "Bambo ake ankati muli ndi dzanja labwino."

Mpaka lero ndimacheka, koma ndinasankha kukhala pansi. Kumpingo abale akayamba zosapatsana moni, za ife ndi iwo, ndimadziwa kuti pali wina ali m'dzenje. Sindidikira kuti aone wolakwa ndani. Ndimapita pakhomo pa womanidwa moniyo, n'kumuitana dzina, n'kuima pomwepo mpaka ayankhe.