Njerwa za Mlongo Wanga

Uthenga unafika pa foni ya mwana wanga wamkazi, ine ndili kuseri kwa nyumba kuchapa zofunda za bambo. Unali woti mlongo wanga, wondiponda pamutu, wapatsidwa ulemu waukulu ndi ophunzira anzake a kunja chifukwa cha ntchito yake yofufuza. Pa chithunzi anali atavala jekete, akumwetulira, imvi zitayamba kutuwa m'mbali mwa makutu.

Ntchito yakeyo sindinaimvetsepo bwinobwino. Amati ili pakati pa za chuma ndi za makompyuta. Nthawi ina anandifotokozera kuti amaphunzitsa makina kugawa zinthu zochepa kwa anthu ambiri, monga malo a ana m'masukulu, mwa njira yoti wina asapindule chifukwa chonama. Ndinangoti zikomo, poti madzi anali akuzirala ndipo bambo anali asanasambe.

Bambo anafa ziwalo mbali imodzi kalekale. Mayi anatisiya titangobwerako ku Malawi kumene tinathawira nkhondo. Mlongo wangayo sukulu inamukonda kuyambira kumsasa wa othawa nkhondo kuja, ansembe anamuona, ndipo anapita osatembenuka. Ine ndinatsala kuno ku Mualadzi ndi munda komanso bambo. Kuwadzutsa ndi ine, kuwatembenuza ndi ine, kuwatulutsa kuti akaothere dzuwa ndi ine ndemwe. Iye amatumiza mankhwala ndi zovala, zimenezo sindingamunamizire, koma phukusi silinyamula munthu kupita naye kuchimbudzi. Ndinatopa, ndipo kutopako kunandilowa m'mafupa.

Kuno kwathu munthu timamuchitira ulemu akamaliza. Aphunzitsi aakulu a pamishoni atapuma ntchito tinawavinira, kuwaveka nsalu, kuwapatsa mbuzi, iwo n'kupita kwawo kukalima. Akatekisiti athu akale chimodzimodzi. Choncho nditakafotokoza nkhaniyi kumphakati, palibe anafunsa zambiri. Tonse tinamva mofanana: mwana uja watsiriza, akubwera kumudzi. Atatiuza pa foni kuti afika nthawi yotentha kudzathokoza Mulungu pamodzi nafe, tinangoti eya, si zomwezo!

Azibambo a mphakati anaumba njerwa zomumangira nyumba, amayi tikutunga madzi, ndipo uvuni unayaka mpaka njerwa zinapsa bwino. Malo ndinasankha ndine, pansi pa mtengo wa mango, poti bambo akaitana azimveka kunyumba zonse ziwiri. Sitinamuuze mwini wake, tinkafuna adzadzidzimuke. Masiku amenewo ndinkayenda ngati mtsikana. Ndinafika mpaka poganiza zokacheza kwa mwana wanga wamkulu ku Chifunde, n'kukagona komweko osawerengera kuti kunyumba kuli wodwala.

Anafika pa mota, njinga yamoto ija, kuchokera kumsewu waukulu, fumbi lili mbuu, chikwama chaching'ono chili kumsana. Chikwamacho ndinachiona, koma ndinadziuza kuti katundu wina akubwera m'mbuyo.

Lamulungu Misa itatha tinamukhazika pampando panja pa tchalitchi. Tinamuveka nsalu, mbuzi ikulira pa chingwe. Kenaka wapampando wa mphakati anaimirira.

"Adotolo, mwatichotsa manyazi. Mwagwira ntchito, mwamaliza bwino, tsopano bwerani mudzapume. Njerwa zanu zapsa kale, zikungodikira inu."

Nthungululu zinalira. Mlongo wanga anayang'ana wapampando, n'kuyang'ana ine, kumwetulira kuja kukuchoka pang'onopang'ono. Anaimirira atagwira nsalu ija kuti isagwe.

"Makolo anga, ndathokoza kwambiri. Koma premyu imeneyi, mphoto imene andipatsayi, sapatsa omaliza ayi. Amapatsa amene afika pakati pa ntchito, ndi cholinga choti alimbe mtima, apitirize. Kutsogoloku ndiye kudakali kutali."

Amayi akumbuyo sanamve, anapitiriza kuimba. Ine ndinamva liwu lililonse. Ndinakhala pansi pomwepo.

Madzulo ake anandipeza nditaima pa uvuni. Anatola njerwa imodzi, akuitembenuza m'manja.

"Achemwali, bwanji simunandifunse?"

"Ndikanafunsa chiyani, achimwene? Ndi liti munaona munthu akumuombera m'manja mzere asanautsirize?"

"Kumeneko amatero. Amati pakati ndi pamene munthu amafooka."

Ndinaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. "Akunena zoona anthu amenewo. Pakati pamafoola." Kenaka mkwiyo unandikwera. "Nanga makina anu ogawa zinthu mwachilungamo aja, sangatigawireko bambo? Mbali yakufayo ikhale yanu, inayo yanga?"

Misozi inangomutsika, munthu wamkulu wa imvi, njerwa ili m'manja. Ndinamumvera chisoni, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso, chifukwa ngakhale mkwiyo wanga sanandilole kuti ndiumalize. Kunena zoona ndimamunyadira. Ndinamuona akuwerenga padzuwa kumsasa kuja mimba ili pululu, ndipo ulemu umenewu sanaube.

Masiku amene anakhala, bambo ankawasambitsa ndi iye. Ankawagwira mwamantha, sopo n'kumawalowa m'maso, koma bambo ankangosekerera. Ine ndinkakhala pakhonde manja ali pamiyendo, osadziwa chochita nawo. Kenaka mota ija inabweranso.

Njerwa zidakalipo. Udzu wamera pamwamba pa uvuni, nkhuku zimaikira mazira m'mphako zake. A mphakati anapempha kuti akamangire khitchini ya patchalitchi, ndinawauza kuti adikire kaye, ngakhale sindikudziwa chimene akudikira. Bambo tsiku lija anali kunyumba, sanamve zimene zinanenedwa, ndipo palibe analimba mtima kuwauza. M'mawa uliwonse ndikawatulutsa padzuwa amaloza uvuni ndi dzanja lamoyo lija.

"Ayamba liti kumanga?"

"Mvula ikatha, bambo," ndimatero, n'kulowetsa mkono wanga kukhwapa kwawo. "Gwirani khosi langa, tiyeni."