Boti Loyezedwa ndi Tepi ya Telala

Achimwene anga ndi telala. Anthu amawatchula kuti a Tepi, chifukwa tepi yoyezera saichotsa m'khosi ngakhale pa maliro. Moyo wawo wonse akhala pakhonde la sitolo ya nsalu, phazi pa makina, mapini kukamwa. Nkhuku sanapheko. Kusambira sadziwa, moti mvula ikagwa amadikira kuti zithaphwi ziyambe zauma. Ndiye munthu ameneyu tsiku lina n'kundiuza kuti akufuna boti lokasakira abakha am'tchire ndi kuwedzera nsomba. Ine ndinangowafunsa kuti amwa mankhwala a ndani.

Koma chifukwa chinalipo, ndipo nditachimva chinandiwawa. Ana atakula n'kuchoka, nyumba yawo inangoti zii. Iwo ndi alamu anga sanayambane ayi, bola akanayambana. Mawu anangotha basi. Tsiku lonse zomwe ankauzana zinali "mwatseka chitseko?" ndi "eya." Kenako kunabwera kasitomala wina kudzasoketsa jekete ya matumba ambirimbiri, n'kuwauza kuti iye amapita kosaka pa boti ndi mkazi wake, ndipo amacheza tsiku lonse poti m'boti mulibe kothawira. Za abakhazo achimwene sanazimve n'komwe. Iwo ankangofuna kuti alamu awalankhule.

Maboti okonzeratu alipo m'masitolo, koma telala angagule chinthu chosokasoka? "Zimenezo n'za anthu osadziwa muyezo wawo," anatero. Anapita kwa mmisiri wina wowotcherera aluminiyamu kuseri kwa msika, munthu wofatsa amene amakonza mafelemu a mawindo, ndi maboti mwa apo ndi apo. Ine ndinawaperekeza kuti ndikaone ndi maso angawa.

Mmisiriyo anafunsa kuti boti litalike bwanji. Achimwene anamuyang'ana momumvera chisoni, n'kumupatsa tepi, iwo n'kutambasula manja.

"Yambani pachifuwa," anatero.

Mmisiri uja, mwana wa eni ake, anayeza chifuwa, chiuno, mwendo, mpaka khosi.

"Khosi likukhudzana bwanji ndi boti, bambo?" anafunsa mmisiri.

"Inu yezani. Mudzaona nokha."

Kuyambira pamenepo ankapita kukaliyesa boti ngati suti. Ananyamula galasi lalitali la ku shopu kwawo n'kukaliimika pakhoma pakati pa zitsulo. Ankalowa m'boti, kukhala, kukweza manja, kutembenuka kuti aone mmene likuwakhalira kumsana. Kenako choko m'manja, kulemba pa aluminiyamu. "Apa pakukoka. Apa mubwezeko pang'ono. Kumbuyoku kwakhwefuka." Analamula matumba: la mbedza, la zipolopolo, ndi lina lam'kati lobisika, loika kampango kopukutira thukuta. Anauzanso mmisiri kuti m'mphepete asiyemo chitsulo chopinda, choti adzamasule botilo likadzathina. Pa nkhani ya zipi pokha m'pamene mmisiri anakana.

Mfuti analibe, choncho poika mfuti anayezera ambulera. Galu wosaka analibenso. Anabwereka wa aneba, galu wokalamba amene sadzuka ngakhale wakuba atamuponda mchira, ndipo anamuyeza ali chigonere. Malo a galu m'botimo anatuluka ngati thireyi.

Ndiye panafika za mipando. Mmisiri anati m'boti la injini anthu amayang'ana kutsogolo onse. Achimwene anati ayi, mipando iyang'anizane, mawondo azichita kugundana. Mpando wa alamu anafuna ukhale ndi zotchinga m'mbali, zogwira m'chiuno bwinobwino kuti mayi asagwere m'madzi.

"Ndiye mubwere nawo mayiwo tidzawayeze," anatero mmisiri.

"Mkazi wanga ndichite kumuyeza? Muyezo wake uli m'mutu muno."

Anatchula manambala onse osapumira. Ine ndinawazindikira pompo, chifukwa pa ukwati wawo ndinali nawo. Anali manambala a deresi la ukwati, chovala chomaliza chimene anawasokera. Tauni yonse aiveka, koma alamu amavala zogula pamsika.

"Achimwene, amenewo si a deresi lija?" ndinatero.

"Iwe khala chete. Manambala sakalamba."

Botilo litatha, tinalikweza pa lole m'mawa wina kupita nalo kudamu kunja kwa tauni, limodzi ndi ambulera ndi galu uja. Alamu anavomera kubwera, sindikudziwa kuti anawanyengerera bwanji. Anavala chipewa cha dzuwa n'kukhala kutsogolo ndi dalaivala, osatulutsa liwu. Titafika, achimwene analetsa kutsitsa boti. Anati kasitomala sachoka ndi chovala asanachiyese. Choncho alamu anakwera kumbuyo kwa lole, analowa m'boti, n'kuyamba kukhala pa mpando wawo.

Anatsika theka n'kuima. Poopa manyazi anadzikanikiza, ndipo tinangomva kuti phwa. Analowa. Kutuluka ndiye kunakanika. Ine ndinakoka dzanja ili, dalaivala dzanja linalo, boti lonse n'kumanyamuka nawo limodzi. Tinapakapo sopo. Ayi ndithu, mmisiri uja ntchito yake amaidziwa.

Achimwene anakhala pa mpando wawo, mawondo n'kugundana ndi a alamu monga anafunira.

"Mpando uno munayezera ndani?" anafunsa alamu, motsitsa mawu.

"Inu."

"Ine uti?"

Achimwene anatchulanso manambala aja, monyadira ndithu. Apo pakamwa pa alamu panatseguka.

Panalibe kuchitira mwina koma kubwerera kwa mmisiri kuti akadule chitsulo. Lole inatembenuka, ine ndili kumbuyo konko ndi galu, ndipo zonse ndinazimva. Alamu anafunsa achimwene kuti akuganiza kuti ana onse aja anadutsa pati. Ananena za deresi lawo lofa zipi limene lakhala pa msomali ku shopu mpaka fasho yake inatha n'kubwereranso. Ananena za nkonono, za mapini amene amawabaya pa bedi, za mlongo wa achimwene wolongolola, kunena ineyo, ine ndili pomwepo. Anati madzulo aliwonse amakhala pa mpando wa pabalaza kudikira kuti mwamuna wawo anene kanthu, kalikonse, koma iye amangopinda nsalu n'kukagona. Anati mtsikana wa manambala amenewo anapita kalekale, ndipo amene anatsala m'nyumbamo palibe amamuona.

Tinali titalowa m'tauni. Anthu ankatuluka m'masitolo kudzaona nkhalamba ziwiri zili m'boti pamwamba pa lole, mawondo ogundana, mayi akuloza bambo ndi chala. Ine ndinabisa nkhope kuseri kwa galu. Nditasuzumira, ndinaona achimwene akuyankha. Poyamba zinali "eya" ndi "zoona," kenako anayamba kubweza. Anati nawonso ankadikira. Anati zipi ija anaigula kalekale, koma ankaopa kupempha kuti awayeze. Misozi inali mbwembwembwe, koma munthuyo nkhope yake inali yowala ngati walandira mendulo.

Titayandikira kumsika, achimwene anadzuka n'kumenya denga la lole ndi chikhatho. Dalaivala anaima n'kutulutsa mutu pa windo.

"Tabwererani kudamu, tikazungulirenso," anatero achimwene. "Mayi sanamalize."

Dalaivala anayang'ana alamu, poti ndi iwo amene anali m'chitsulo.

"Mukuyang'ana chiyani?" anatero alamu. "Yendetsani, ndipo musathamange."